Chofunda cha a NyaMhango pa Msewu wa ku Mpoto

Chipsera chili pamwamba pa diso langa lakumanzerechi anthu ambiri amayesa ndi cha m'banja. Akachiona amangogwedeza mutu, mumtima n'kumatukwana malemu bambo a Chisomo, munthu amene sanandikwezerepo dzanja ngakhale kamodzi. Chipserachi ndinachitola pa msewu wa ku Mzuzu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo chimene chinandiputira ndi sizasi yanga yomwe.

Koma ndiyambe ndi mwini ulendo. Kwathu ku Biwi, kumunsi kwa msika, kunkakhala mayi wina wa ku Rumphi, a NyaMhango, wosoka zofunda za zigamba. Sindikunena zija amangolumikiza pamakina matelala a m'khonde kuti nsanza zisatayike. Iwo ankasoka pamanja. Pamwamba zigamba, pakati bulangete lakutha, pansi nsalu ya matumba a ufa yochapa mpaka zilembo kufufutika, kenako n'kudutsa ndi singano ponseponse. Msoko wawo unali waung'ono ngati njere za mpunga, wofanana kuyambira ngodya ino mpaka iyo. Osoka ndaona ambiri, koma dzanja ngati limene lija sindinalionenso.

Ukali ndiye anali nawo wogawirako ena. Ukasoka mokhota ankakugogoda chala ndi chogwirira cha sizasi, n'kukumasulitsa zonse uli pompo, ngakhale utasoka tsiku lonse. "Masula!" Liwu limeneli ndinalimva kuposa dzina langa. Anali ndi lamulo linanso: sankasoka chigamba asanadziwe mwini wake. Ukawapatsa kansalu ankayamba akufunsa kuti, "Nchandani ichi? Ankachivala popita kuti?" Ukalephera kuyankha, kansaluko ankakakankhira pambali.

Mafunsowo anali ndi chifukwa. Zaka zimenezo matenda aja anali atatilowa, ndipo ku Biwi, ku Kawale, ku Chinsapo, tsiku silinkatha osakumana ndi nyimbo ya maliro panjira. Zofunda zambiri za a NyaMhango zinali za zovala za anthu otisiya. Changa chomwe ndi chotero. Bambo a Chisomo atamwalira, abale awo anabwera ndi lole n'kukokolola m'nyumba mpaka mbale. Nditakakamira matiresi, mlamu wanga anandiwomba khofi lomwe linandigwetsera kukhoma. Anandisiyira mashati akutha okhaokha, amene ngakhale iwo anachita nawo manyazi kuwanyamula. A NyaMhango anabwera osaitanidwa, anatola mashatiwo osapepesa n'komwe, ndipo patapita milungu anandiponyera chofunda pamiyendo. Pakati penipeni anasiyapo thumba la shati imene bambo a Chisomo ankapita nayo kuntchito, lili lotsekula, loti munthu n'kupisamo dzanja. Nditapisamo ndinayamba kusisima.

"Leka kulira, funda," anatero. "Mawa ubwere udzagwire singano."

Ana anga anaphunzira sukulu ndi singano imeneyo.

Tsono shuga inawadya maso a NyaMhango. Mwana wawo anabwera kudzawatenga n'kupita nawo kumudzi. Nyengo yozizira ya chaka chotsatira, mayi wina wa kutchalitchi kwawo anachokera ku Rumphi ndi nkhani yakuti a NyaMhango ali chigonere, chakudya akukana, ndipo akufunda kabulangete koonekera ngati sefa. Munthu amene anafunditsa theka la Biwi analibe chofunda cha zigamba chakechake. Zonse anagulitsa, zina kungopatsa anthu.

Manyazi anatigwira tonse. Mayi aliyense amene anamusokerapo anadula kansalu pa chovala cha m'nyumba mwake n'kundibweretsera. Wina chitenje cha pachinkhoswe, wina yunifomu ya mwana wake, wina bulauzi yoyera ya ku Mvano. Abiti Saidi, mkazi wa wokonza njinga, anadula mpango wake wa Lachisanu misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinasoka mpaka zala kutupa. Kutangotsala mpendero wa mbali imodzi, uthenga unafika pa foni ya pagolosale: ngati mukufuna kuwapeza akupuma, nyamukani. Ndinapinda chofunda n'kuchiika m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, pamwamba n'kuponyapo singano, ulusi, sizasi ndi kathumba ka zigamba zotsala. Ndinati mpenderowo ndimalizira panjira. Mantha anga anali amodzi okha: kukafika anthu akuchokera kumanda, ine chofunda chili m'manja.

Nkhondo inayambira pa depoti pomwe. Basi yaikulu inali itanyamuka kale, ndiye ndinagwa m'manja mwa oitanira maminibasi. Awiri anagwira chikwama changa nthawi imodzi, wina kukokera uku, wina uko, ine pakati.

"Masteni awa ndi anga, ndawaona ndine!"

"Aise, siya katundu, ndikuphwanya!"

Mawu asanathe, chibakera chinali chitatera kale pakamwa. Anagwirana n'kumagubuduzana m'fumbi, wina magazi ali chuchuchu m'mphuno, anzawo atawazinga n'kumaimba mluzu ngati ali ku mpira. Ine ndinakumbatira chikwama ngati khanda. Amene anapambana ndi kondakitala wina wamtali, wa dzino lakutsogolo lobenthuka, yemwe sanamenye nawo n'komwe. Anangondigwira mkono n'kundikankhira m'galimoto mwake anzakewo ali kalikiliki kuswana.

Inali minibasi ya mtundu waukulu uja, yotopa ngati ng'ombe ya ngolo. Anandikhazika kumbuyo kwa kampando kopinda kamene kanali ndi waya wotuluka m'mbali. Ndisanakhazikike n'komwe, wayayo anandikanda bondo.

"Achimwene, waya ameneyu avulaza munthu," ndinatero.

"Mukufuna sofa, mayi? Mugule galimoto yanu," anayankha osandiyang'ana.

Tinadikira mpaka msana kuwawa. Anthu amene ndinkayesa apaulendo anzanga ankatsika mmodzimmodzi galimoto ikamadzaza. Anali a ganyu yongokhala pampando kuti ife tiziyesa yatsala pang'ono kunyamuka. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Mtengo umene anandiuza ndili pansi unakwera nditakhala pampando, ndipo nditatsutsa, kondakitala anandiuza kuti chikwama changa nachonso ndi munthu.

Kudzanja langa lamanja kunali mkulu wina wa kofia yoyera, Che Bwanali, wokhoma zidebe ku Mgona, amene ankapita ku Mzuzu kukaona mwana wake. Sankayankhula zambiri. Anangondigawira nthochi n'kuloza chikwama changa kuti ndichitsamiritse pa bondo lawo, chisandilemere. Kumanzere kunali bambo wajekete, wonunkhira mafuta, wa mafunso osatha. Tisanadutse Kanengo anali atadziwa kale kumene ndikupita, chimene ndanyamula, ndi ntchito ya a NyaMhango. Ine ndi pakamwa pangapa, ndikayamba kutama a NyaMhango sindidziwa polekezera. Ndinamuuza zonse, ngakhale za mashati a malemu amuna anga.

"Ndiye kuti mumadula zovala za anthu omwalira?" anafunsa.

"Eya, eni ake akapempha."

"Hmm. Ntchito zilipo zambiri padziko pano," anatero akukonza kolala.

Pa Lumbadzi tinatsitsidwa tonse kuti katundu aonedwe, n'kukweranso mopanikizana kuposa poyamba. Pa Mponela tinaima kuti dalaivala adye chipisi, ife tikumuonerera pawindo. Pamenepo ndi pamene anakwera mayi wina wachitsikana, wowonda, mwana ali kumbuyo m'chitenje chobiriwira. Kondakitala anamutambasulira kampando ka waya kaja, patsogolo panga penipeni, moti mutu wa mwanayo unkagunda chikwama changa. Mwanayo thupi linali moto. Ndinkamva kutentha kwake padzanja langa. Mphamvu yolirira analibe, ankangobuula. Mayiyo anauza woyandikana naye kuti kuchipatala wapitako, kwa asing'anga wapitako, ndipo asing'anga amuuza kuti pali munthu amene akumulondalonda mwanayo. Tsopano ankathawira naye kwa mayi ake ku Mzuzu.

Kuyambira pa Madisi ndinayesa kusoka, koma galimoto inkadumpha m'maenje, singano n'kumalasa chala changa kuposa nsalu. Ndinkasoka pang'ono, kutulutsa sizasi, kudula ulusi, n'kubwezanso m'chikwama. Pa Kasungu tinakhalanso nthawi yaitali, kudikira anthu oti adzaze mipando ya amene atsika. Tili chidikirire, gulu la anthu linadutsa likuthamangitsa munthu wina amene ankati waba foni. Anamugwetsa pafupi ndi galimoto yathu n'kuyamba kumupondaponda, malaya onse kung'ambika. M'galimoto ena anaimirira kuti aone bwino.

"Ameneyo angomuotcha, ena atengerepo phunziro," anatero bambo wajekete.

"Inu munamuona akuba?" anafunsa Che Bwanali.

Ine maganizo anga anali ku Rumphi: a NyaMhango akadalipo, kapena pano akuwasambitsa?

Titapitirira Kasungu, tayala lakumbuyo linaphulika ngati mfuti. Galimoto inadzandira uku ndi uku, amayi kukuwa, ena kuitana Yesu, Che Bwanali kuitana Allah, mpaka tinakaima pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu. Dzina lake ndikulidziwa bwino, koma sindilitchula, poti kumeneko kulinso anthu amene tsiku limenelo anali kudimba. Tayala lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Dalaivala analikweza pa njinga n'kupita nalo kokapopetsa.

Anthu anatsika kukawongola miyendo. Ine ndinati mwayi ndi womwewu, galimoto yaima. Ndinayala chofunda pamiyendo n'kuyamba kupinda mpendero. Mayi wa mwana uja anakhalabe patsogolo panga kwa kanthawi, kenako anadzuka mothamanga n'kutsika kukayamwitsa pansi pa mtengo. Ndinamaliza msoko wotsiriza, ndinamanga mfundo, ndinadula ulusi. Ndikukumbuka kuti ndinamwetulira ndekha, sizasi ili m'manja.

Pomwepo kunamveka mfuu.

"Mayo ine! Andidulira nsalu! Andidulira nsalu ya mwana!"

Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Munthu akakudulira kansalu pa chovala mobisa, timati akukakupangira mankhwala. Tsono apa inali nsalu yoberekera mwana wodwala, mwana woti asing'anga ananena kale kuti akulondedwa. Ngodya ya chitenje chobiriwira chija inali itachokadi, malo okwana chikhatho. Mayiyo anatembenuka n'kundiona pawindo, sizasi ili m'manja.

"Ndi awo! Anakhala kumbuyo kwanga! Njira yonse amangotulutsa sizasi!"

Kumene anthu anachokera sindikudziwa. Kamsika kooneka ngati kogona kaja kanadzuka konse: ogulitsa tomato, okazinga chipisi, amuna ochokera pabawo ndi kumowa. Wina analowa m'galimoto, anandigwira duku pamodzi ndi tsitsi n'kundikokera pakhomo. Ndinagwa chagada pamiyala. Wina anakhuthula chikwama changa pansi, ndipo kathumba ka zigamba kanamwazika: tizidutswa ta yunifomu ya ana a sukulu, ta malaya a makanda, ta zitenje za mitundumitundu. Anthu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka, kenako anabweranso mwaukali.

"Taonani kuchuluka kwa anthu amene wawadula!"

"Ndi zosokera! Ndimasoka zofunda!" ndinakuwa, koma khofi linanditseka pakamwa. Ndinamva magazi palilime.

Apa ndi pamene bambo wajekete uja anakonza kukhosi. "Abale, ine sindinamizira munthu. Koma mayi awa andiuza okha, ndi pakamwa pawo, kuti amadula zovala za anthu akufa."

"Izi si za akufa!" ndinatero. "Eni ake onse ali moyo!"

Ndinkayesa ndikudzipulumutsa, osadziwa kuti ndikuthira palafini pamoto.

"Mwamva? Ali moyo! Sanawamalize!"

Mateche anayamba. M'nthiti, m'mimba, kumsana. Mayi wina wamkulu, msinkhu wa mayi anga ondibala, anandimenya ndi nzimbe mpaka inathyoka, n'kutolanso chidutswa chake. Ndinkamva mawu akuti mfiti, mfiti, otchani, ndipo pakati pa miyendo ya anthu ndinaona amuna awiri akugubuduza tayala lophulika lija, la galimoto yathu yomwe.

Koma chimene chinandiwawa kuposa mateche ndi chofunda. Amuna ena awiri anachisolola m'galimoto n'kumalimbirana, wina akuti chisungidwe chikhale umboni, wina akuti chiotchedwe. Wofuna kuotcha anapambana. Anachiponya pa moto wa pansi pa chiwaya cha chipisi. Mphamvu sindikudziwa kumene ndinazitenga. Ndinadutsa chokwawa pakati pa anthu, ndinachikoka pamotopo, ndinazimitsa ndi manja anga, kenako n'kuchigonera. Nthawi imeneyo ndi imene chidutswa cha njerwa chinanditera pamwamba pa diso. Dziko lonse linafiira.

Kenako ndinamva munthu wandigwera pamsana. Ndinati basi, kwanga kwatha. Koma anali Che Bwanali, atandiphimba ndi thupi lawo lokalamba lija.

"Muyambe ine!" anakuwa. "Wallahi, mwana wa munthu uyu ndakhala naye kuchokera ku Lilongwe, wasoka ine ndikuona. Ngati mukupha, muphe tonse awiri, mukayankhe kwa Mulungu!"

Anawamenya nawonso. Kofia yawo inagwera m'fumbi, ndodo inawatera paphewa, koma sanasunthe. Fungo la palafini linali litafika pafupi.

Amene anathetsa zonsezi ndi kondakitala wamwano uja. Anatuluka m'galimoto atanyamula kampando kopinda kaja, atachita kukazula, kudzanja lina ali ndi sipanala ya matayala. Anakaponya pakati pa anthu.

"Taonani apa, zitsiru inu! Mfiti yanu ndi iyi!"

Pa waya uja pankalendewera kansalu kobiriwira, m'mbali mwake ulusi uli wothothoka, osati modula ndi sizasi. Anakachotsa, anakoka chitenje cha mayi uja n'kufanizira anthu onse akuona. Kanakwana ndendende.

"Waya ameneyu wanding'ambira mathalauza ine mwini, wang'amba masiketi a anthu. Wofuna kuotcha aotche mpandowu. Koma amene akhudzenso pasenjala wanga, ndimuswa mutu ndi ichi!"

Mukudziwa chimene chinachitika? Palibe. Anthu anangoyamba kusungunuka. Wa tayala uja analigoneka pansi n'kukhalapo ngati ndiyo ntchito imene analibweretsera. Mayi wa nzimbe anabwerera pa tomato wake. Wachipisi ndiye ankadandaula mokweza kuti tamutayira mafuta. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope zija mtima umandiwira.

Che Bwanali anatola duku langa n'kundimanga pachipumi. Ndinatambasula chofunda. Chinapulumuka, koma pafupi ndi ngodya imodzi moto unali utaboola bowo. Zigamba zotsala zija, zimene ndikanatsekera, ena anali atazikankhira pamoto ndi ndodo, kuopa kuzigwira ndi manja. Mateche onse aja sindinalire, koma apa ndinalira.

Dalaivala anabwera ndi tayala lake akuimba mluzu, osadziwa kanthu. Tinakweranso tonse, omenya ndi omenyedwa, poti msewu ndi umodzi. Bambo wajekete anakhala pomwe anali paja n'kundiuza kuti iye amangofotokoza zimene anamva. Che Bwanali anamuyang'ana osaphethira mpaka bamboyo anasamukira kumbuyo, ndipo anatsika pa Jenda, chikhalirecho ankati akupita ku Mzuzu. Mayi wa mwana uja, poti kampando kake kanali katazulidwa, anamukhazika pa chidebe pafupi nane, maondo athu akugundana. Sanadzutse mutu.

Ku Chikangawa tinapeza nkhungu, mphepo ikulowa pa windo lopanda galasi. Mwana uja anayamba kunjenjemera thupi lonse. Chitenje chong'ambikacho sichinkathandiza kanthu. Ndinayang'ana kunja, ndinayang'ana mitengo ya paini, ndinadziuza kuti si nkhani yanga. Koma kubuula kuja kunkandilowa m'mutu momwe munali kale ululu. Ndinasolola chofunda m'chikwama n'kuchiponya pa mwanayo.

"Si chifukwa cha inu," ndinatero. "Ndipo mukachidetsa mundiona."

Misozi ya mayiyo inkagwera pa zigamba za amayi a ku Biwi.

Tinalowa mu Mzuzu dzuwa litapendeka kwambiri. Potsika anandibwezera chofunda atachipinda bwinobwino, kenako anandifumbatitsa kanthu m'dzanja langa lakupsa lija. Kanali kansalu kobiriwira kaja. Munthu amene masana omwewo anatsala pang'ono kundiphetsa poopa kuti ndatenga nsalu ya mwana wake, tsopano ankandipatsa yekha.

"Mutsekere pabowopo, amayi," ananong'ona, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Ndinafuna kukaponya m'ngalande, koma Che Bwanali anali kundiyang'ana, ndiye ndinangokakankhira pansi pa chikwama. Mwana wawo ananditengera ku kachipatala kena kumene anandisoka pachipumi, ndipo ndinagona kwawo. M'mawa ndinakwera matola a ku Rumphi, kenako njinga mpaka kumudzi. Za njira imeneyo ndilibe chonena. Diso limodzi linali litatupa, linalo linkangofufuza kutsogolo ngati pakhomo pasonkhana anthu.

Panalibe anthu. Panali nkhuku, ndi mpongozi wa a NyaMhango akutsuka mbale. Ndinakhala pansi pomwepo.

A NyaMhango ndinawapeza pamphasa, atachepa ngati mwana, maso ali kudenga koma osaona. Nditapereka moni anandizindikira mawu.

"Make Chisomo? Wafika, mwana wane? Sendera kuno."

Dzanja lawo linayenda pankhope panga n'kuima pachipumi. Anapapasa ulusi wa kuchipatala uja.

"Wasoka apa ndani? Akanakhala wanga ndikanamumasulitsa."

Ndinaseka misozi ikutsika. Ndinawayalira chofunda pamiyendo, ndipo zala zija zinadzuka ngati sizikudwala. Zinkayenda pa chigamba chilichonse, ine n'kumatchula mwini wake, ena n'kumawadziwa okha ndisanatchule.

"Uwu ndi mpango wa Abiti Saidi. Wadula mpango wa Lachisanu chifukwa cha ine? Chitsiru."

Kenako chala chinalowa m'bowo muja. Anakokera ngodyayo kumphuno n'kununkhiza.

"Moto uwu. Yankhula."

Ndinawauza zonse, kuyambira pa depoti mpaka pa kansalu kobiriwira. Ndinamaliza ndi mawu akuti nsalu ya mayi ameneyo sindingaiike pamodzi ndi nsalu za anthu abwino.

"Mwanayo amatentha?" anafunsa.

"Kwambiri."

"Ine ndinaika ana atatu m'manda. Wachiwiri akudwala, ukanakhala kumbuyo kwanga ndi sizasi, njerwayo ndikanaponya ndine. Bweretsa kansaluko."

Ndinakapereka monyinyirika. Anakapapasa m'mbali mothothoka muja.

"Nchandani ichi?"

"Dzina sindinafunse."

Ndinayembekeza kuti akakankhira pambali monga mwa lamulo lawo, ndipo kunena zoona ndi zimene ndinkafuna.

"Ankachivala popita kuti?"

"Ankathawitsa mwana wake ku imfa."

"Basi, tamudziwa. Lowetsa ulusi."

Misoko yoyamba anasoka okha, osaona, yaing'ono ngati kale. Atasoka ingapo singano inawapulumuka m'manja, ndipo anandiuza kuti ndimalize. Dzanja langa linali ndi matuza a moto, diso limodzi lotseka. Ndinasoka momwe ndikanathera. Nditamanga mfundo anapapasa msoko wanga pang'onopang'ono, kuyambira pomwe analekera iwo, ndipo ndinapezeka ndabisa chala monga ndinkachitira ku Biwi.

"Wakhota," anatero.

Ndinatenga sizasi kuti ndimasule. Anandigwira dzanja.

"Usamasule. Nthawi ndilibe. Ndifunditse."

Ndinawafunditsa. Anachikokera mpaka m'chibwano, dzanja limodzi lili pa chigamba chobiriwira chija, n'kugona.

Anatisiya kuzizira kusanathe, ine ndili pomwepo. Anali atakaniratu kuti asaikidwe nacho, ati akufa samva mphepo. Chofundacho ndinabwerera nacho ku Biwi, ndipo mpaka pano chimayenda nyumba ndi nyumba, kulikonse kumene kuli wodwala wa kayakaya. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka akafika pa chigamba chobiriwira amakodolana, poti msoko wake umayamba bwino n'kuthera mokhota, chonsecho ine ndimawamasulitsa zawo tsiku ndi tsiku. Wina anabwera ndi sizasi kuti andikonzere. Ndinamugogoda chala.